Mankhwala otsukira bolodi ya PCB ikawalitsidwa ndi UV

Mwafunsa kuti bolodi ya PCB (bolodi yokutidwa ndi kopa yomangirapo zipangizo za magetsi) ikachoka pa nyale ya UV (kuwala kwa ultraviolet) muiviike mu chiyani kuti njira za magetsi zioneke. Yambani mwawerenga paketi, chifukwa zimadalira utoto womva kuwala umene uli pabolodipo.

Ngati ndi dry film, kapepala kabuluu komata pabolodi, ya mtundu wa negative (pomwe pawalitsidwa ndi pomwe pamatsala), sungunulani magalamu 10 a sodium carbonate mu lita imodzi ya madzi ofunda, madigiri 30. Soda wothira m'therere ndi bicarbonate, ngwofooka, koma mukamuwotcha mu uvuni pa madigiri 200 kwa ola limodzi amasanduka carbonate.

Ngati ndi positive (pomwe pawalitsidwa ndi pomwe pamachoka), monga utoto wopopera wa Positiv 20, ambiri amathira caustic soda wopangira sopo, magalamu 7 pa lita. Ameneyu ngwaukali: akangochulukira pang'ono kapena madzi akatentha, chithunzi chonse cha njira chimafufutika mukuona. Mukapeza sodium metasilicate, tengani ameneyo, sachita phuma.

Valani magolovesi ndi magalasi. Thirani mankhwala m'madzi, m'mbale yapulasitiki osati ya aluminiyamu, ndipo dikirani njere zonse zisungunuke; kanjere kamodzi kotsala kamaboola njira. Yesani kaye kachidutswa. Kenako viikani bolodi, muzigwedeza mbale mpaka kopa awonekere mbee, n'kutsukuluza ndi madzi ozizira.