Momwe mungakonzere m'bindikiro wolemba buku, ndi zochita podikira tsiku lonyamuka

Ine m'bindikiro wotere, wochoka pakhomo masiku angapo n'kukakhala kwandekha ndikulemba buku, ndauchitapo kawiri, ulendo wonse ku Zomba. Koyamba ndinabwerako ndi masamba anayi ndi chimfine. Kachiwiri ndinamaliza mitu isanu ya buku limene linagona m'kabati zaka zitatu. Chipinda chinali chomwecho, tebulo lomwelo. Chimene chinasintha ndi zimene ndinachita ndisananyamuke, ndipo n'zimene ndikufuna kukuuzani.

Choyamba: ikani tsiku, sankhani malo

Masiku asanu kapena sabata imodzi ndi okwana. Sabata ziwiri zimakoma pokamba, koma thumba limayamba kulira lisanafike tsiku la 10. Musaike ulendo m'nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ngati ndinu munthu wa m'makomiti, chifukwa foni siikupatsani mtendere.

Malo muyang'ane ndi nyengo. Phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, mu Juni ndi Julayi limazizira mpaka zala kukana kugwira cholembera, ndipo nkhungu imatha kukuta tsiku lonse. Kwa ine zimenezo n'zabwino, chifukwa palibe choyendera panja. Kunyanja, kaya ndi ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, n'kokongola, koma mu Okutobala kutentha kumakugonetsa masana onse, ndipo Loweruka usiku zoimbira za m'mabala sizifunsa ngati uli pa mutu wachingati. Ngati buku lanu likukhudza mbiri yakale, Zomba ali ndi mwayi wina: National Archives, malo osungirako zolembedwa zakale za dziko, ili m'tauni momwemo. Komanso musaiwale nyumba za alendo za kumishoni. Zambiri n'zotsika mtengo, n'zabata, ndipo belu la m'mawa limakudzutsa ulere.

Chachiwiri: ndalama ndi chipinda

Mtengo sindikuuzani, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene wamva lero sukhala wa mwezi wamawa. Funsani pokonzekera, mudzafunsenso sabata yonyamuka. Chimene chimathandiza n'kupita pakati pa sabata, kunena kuti mukhala masiku asanu motsatizana, ndi kudziphikira. Mwini malo amene alibe alendo Lachiwiri amamva chinenero cha "tatsitsaniko pang'ono, bwana".

Chenjerani ndi anyamata a pa Facebook amene amaika zithunzi za nyumba zokongola n'kumati tumizani dipoziti msanga, malo atsala amodzi. Musatumize kalikonse pa Airtel Money kapena Mpamba musanaone chipindacho. Mwini maloyo muimbireni pa vidiyo. Bedi musalabadire kwambiri. Akuonetseni tebulo, mpando ndi soketi, ndipo aike chaja mu soketimo inu mukuona. Akayamba za netiweki ikuvuta, dulani foni.

Chachitatu: masabata odikira

Apa ndi pamene ndinagwa, ndiye mundilole ndikhalitsepo.

Nditalipira chipinda ulendo woyamba, kunali kutatsala miyezi iwiri. Tsiku lomwelo ndinasiya kulemba. Sindinaganize kuti ndasiya, ayi. Ndinkangoti, "Zimenezi ndikalemba bwino ku phiri." Ganizo likabwera m'minibasi, ndinkati ndikalikumbukira kumeneko. Madzulo m'malo motsegula kope ndinkayang'ana zithunzi za Mulunguzi ndi Williams Falls, malo okongola a pa phiri la Zomba, pa intaneti, n'kumadziona ndili pa khonde, kapu ya tiyi ili pambali, mawu akungotsika ngati mvula. Ndinauza aliyense kuntchito kuti ndikupita kukamaliza buku. Anthu anayamba kundiitana kuti "alembi". Kukoma konse kwa kumaliza buku ndinakudyeratu ndisanalembe chiganizo chimodzi.

Nditafika, ndinatsegula laputopu ndipo anthu a m'nkhani yanga anali ngati alendo. Ndinaiwala kuti mayi uja anamwalira m'mutu wachiwiri kapena ndinangoganiza zomupha. Tsiku loyamba linatha ndikuwerenga zakale. Lachiwiri ndinaona kuti zakalezo n'zoipa, ndinayamba kuzikonza. Lachitatu ndinapita kukaona Emperor's View, malo oonerapo patali a pa phiripo, poti mwina mpweya undithandiza. Pamene dzanja limayamba kuyenda, kunali kutatsala tsiku limodzi, ndipo chimene chinkandilembetsa anali mantha a ndalama zimene ndawononga.

Ulendo wachiwiri ndinachita zinayi, ndipo inunso chitani zomwezi.

Lembani mawu 200 tsiku lililonse kuyambira tsiku lolipira chipinda mpaka kutatsala sabata imodzi kuti munyamuke. Mawu 200 ndi tsamba limodzi la kope, mphindi 20 basi. Ine ndinkalemba 5 koloko m'mawa, madzi osamba ali pa mbaula. Musawerengenso zimene mwalemba, musakonze. Cholinga n'chakuti anthu a m'nkhani yanu asakuiwaleni. Tsiku lina mudzalemba zopanda mchere, lembanibe. Mukadumpha tsiku limodzi musalipire ngongole polemba 400 mawa lake, chifukwa ngongole ya mtundu umenewu ikakula munthu amangothawa. Pitirizani ndi 200 yomweyo.

Chongani pa kalendala ya pakhoma tsiku lililonse limene mwalemba. Zimaoneka zachibwana, koma mzere ukafika masiku 15 mtima sufuna kuudula, ndipo ana m'nyumba amasanduka apolisi: "Adadi, lero simunachonge."

Pezani munthu mmodzi woti muzimutumizira nambala ya mawu pa WhatsApp Lachisanu lililonse. Nambala yokha, osati nkhaniyo. Asakhale wokukondani kwambiri moti n'kumati zilibe kanthu. Ena onse musawauze zambiri. Abale apafupi auzeni masiku amene simudzapezeka ndi nambala ya mwini malo, kuti pakagwa zovuta akupezeni. Gulu la kuntchito lidzamva buku litatuluka.

Sabata yomaliza musalembe nkhani. Werengani zonse kuchokera pa chiyambi, kenaka lembani pa pepala limodzi zochitika zimene mukalembe ku m'bindikiro, chilichonse mzere umodzi: akumana pa chigayo, akana kupita ku maliro, kalata ipezeka. Zikhale 10 kapena 12. Ndipo usiku womaliza yambani chochitika choyambacho, mulembe ziganizo zitatu, musiyire pakati dala. Mukakafika simukayamba pa tsamba loyera. Mudzangomalizitsa chiganizo chimene chikukudikirani.

Chachinayi: katundu

Makope awiri ndi zolembera zambiri, chifukwa magetsi akathima ntchito isaime. Ekisitenshoni yanuyanu. Juzi yokhuthala ndi masokosi ngati ndi ku phiri. Ufa, usipa, mazira, tomato ndi masamba a tiyi gulani mumsika wa m'tauni musanakwere, kumtunda zinthu zimakwera mtengo ndi phiri lomwe.

Power bank gulani m'sitolo yopereka lisiti. Yanga yoyamba ndinagula kwa mnyamata wa pa depoti, yolembedwa manambala akuluakulu, yolemera ngati njerwa. Inatchaja foni kamodzi n'kufa. Titaitsegula tinapezamo kabatire kamodzi ndi timatumba ta mchenga. Ma fulashi otchipa a m'misewu nawonso ndi choncho, amameza mafayilo. Madzulo aliwonse dzitumizireni zolemba zanu pa imelo, ndipo za m'kope zijambuleni ndi foni. Bandulo yaing'ono ikwana, yaikulu idzakukokerani ku mavidiyo.

Mukafika

Lembani tsiku lofika lomwelo, ngakhale theka la ola. M'mawa uliwonse yambani musanayatse data, mulembe mpaka 11 koloko, mudye, muyende pang'ono, mubwerere 3 koloko. Chochitika chikatha, chikhwatcheni pa pepala lija. Chikakana, chidumpheni. Zenera muzitseka potuluka, anyani a ku phiri amadziwa kumene kumakhala buledi.

Pobwerera

Simumaliza zonse 12, ine ndinafika pa 9. Zotsalazo ndi za m'mawa wa Lolemba, 5 koloko yomwe ija, mawu 200. Sitiroberi gulani potsika, ndipo muzinyamule pamiyendo, chifukwa m'minibasi ya ku Limbe kondakitala adzaika thumba la chimanga pamwamba pake.