Mwagulitsa mchenga, tsono chitsime chikauma mukudabwa chiyani?

Chilimwe chino ndayenda m'madimba angapo m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndi timitsinje tothira mmenemo, ndipo kulikonse dandaulo ndi limodzi: zitsime zaphwa October asanafike n'komwe. Aliyense akuloza kumwamba, ati mvula inavuta. Chabwino. Koma ndikasuzumira kumtsinje ndikupeza msewu wa matipa walowa mpaka pakati pa khwawa, anyamata ali yakaliyakali ndi mafosholo, ndipo wolandira ndalama ya tiripi iliyonse ndi mwini dimba yemwe uja akudandaula.

Mchenga wa m'khwawa ndi umene uli pansi pa dimba lanu ndiwo nkhokwe ya madzi. Dzazani ndowa ndi mchenga wouma, muthiremo madzi pang'onopang'ono. Amalowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndowayo asanaonekere pamwamba. N'chifukwa chake agogo athu ankangofukula pamchenga mtsinje utaphwa, n'kutunga madzi oyera mbee. Madzi a m'chitsime cha kudimba ndi a mumtsinje ndi amodzi, amayenderana pansi. Khwawa likazama chifukwa chokumba, madzi a pansi pa dimba amatsetserekera komweko, m'chitsime namonso amatsika. Oyamba kulira ndi amene ali pafupi ndi gombe, kenaka anzawo a kumtunda amene sanalandireko ngakhale tambala.

Ndiye werengani zimene mwataya. Thiredo pampu sikoka madzi akatsika kupitirira mamita 7, ndipo ya petulo yoika pamwamba pa chitsime nayonso malire ake ndi omwewo. Mulemba aganyu ozamitsa chitsime, m'mbali mwake n'kumagumuka poti ndi mchenga. Tomato akasowa madzi ali pa maluwa amayoyola, zipatso zina n'kuola kunsi. Chimanga cha m'dimba chimene kale chinkakula ndi chinyezi chokha, lero chikufuna kheni m'mawa ndi madzulo. Nanga maenje otsalawo? Madzi amene mchenga unkawabisa tsopano ali pamtetete, dzuwa likuwamwa, ng'ombe zikupondamo, dizilo wa matipa akudonthera momwemo. Udzudzu ndi nkhono za likodzo zapeza mudzi. Madzi omwewo ndi amene akulowa m'chitsime chimene ana anu akumwa, ndipo sefa yake munaikweza pa galimoto.

Chimene chimanditopetsa ndi mawu akuti "mchenga ndi wa Mulungu, mvula ibweretsa wina." Ndawamva mpaka makutu kuwawa. Inde mtsinje umabweretsa mchenga, koma sungapikisane ndi matipa oyenda usana ndi usiku kutumikira onse omanga mu mzinda wa Lilongwe. Komanso madzi osefukira akapeza dzenje amatula mchenga wawo mmenemo, n'kupitirira ali ndi njala. Amakadya gombe la kumunsi. Kumtunda kwa dzenje nakonso khwawa limakumbika chobwerera m'mbuyo chaka ndi chaka.

Bambo wina, mlimi wa anyezi amene ndamudziwa zaka zambiri, anandiitana kuti ndikaone "matenda" m'munda mwake. Masamba achikasu, nsonga zouma. Anali atagula kale mankhwala mabotolo awiri. Ndinafukula ndi dzanja pa bedi, dothi lili gwaa. Titapita kuchitsime, chingwe chinali cholumikiza kawiri, china ndi nsanza ya chitenje. Ndinafunsa za phompho limene linali kumapeto kwa dimba. Anaseka, nati pamenepo ndi pamene panachokera malata a nyumba yawo. Malatawo ndinawaona, ndi okongola ndithu. Koma mizere ya nthochi imene inali kugombe inapita ndi madzi dzinja lathali, ndipo mayi a kunyumbako tsopano amakatunga kumjigo wa mudzi wina. Mankhwala aja anangotaya ndalama, anyezi ankafuna madzi basi.

Zoti muchite n'zodziwika. Musalole tipa kukumba pagombe, pansi pa nthaka ya dimba, kapena pafupi ndi chitsime, mjigo ndi mlatho. Ngati mudzi wagwirizana zotapa mchenga, patapidwe pamilu imene madzi aunjika pamwamba, ndipo fosholo ikafika pa mchenga wonyowa lekani pomwepo. Nkhaniyi isathere pakati pa inu ndi dalaivala. Ipite kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ndipo wokumba aonetse chilolezo. Malamulo alipo: la zamadzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, ndipo ku khonsolo kuli ofesi yoona zachilengedwe. Kwirirani maenje mvula isanayambe, bzalani bango, nsenjere, vetiva ndi nsungwi m'gombe. Ikani kamtengo kolemba zizindikiro m'chitsime, muziyeza madzi sabata iliyonse, ndipo ndikabwera mudzandionetse.