Kusamutsa zida za SmartThings kupita ku ma driver a Edge

Ngati babu kapena sensa ya pachitseko yayamba kuoneka ndi dzina loti "Thing" mu app ya SmartThings (app ya Samsung yolamulira zida za m'nyumba), musafulumire kuitaya. Kuyambira 2022 Samsung inasiya dongosolo lakale la Groovy, lomwe linkayendera pa makompyuta awo kunja, n'kubweretsa Edge: ma driver (timapulogalamu tothandiza hub kulankhula ndi chida) olembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Lua, amene amakhala mu hub momwemo, kabokosi kamene kamalumikiza zida zonse m'nyumba. Kwa ife kuno ku Lilongwe zimenezi n'zabwino. Bandulo ikatha, sensa imayatsabe getsi la pakhonde, bola hub ili ndi moto. Kulamula pa foni muli ku Kanengo ndiye kumafunabe intaneti.

Musanagwire chilichonse, jambulani ma routine onse (malamulo amene munaika oti zida zizichita zokha) pa foni. Chida mukachichotsa chimasowanso mu routine, ndipo mudzaiwala kuti geti linkayatsa nyali iti.

Tsegulani chida mu app, dinani timadontho titatu pamwamba. Mukaona mawu oti Driver, chimenecho chili kale pa Edge. Ngati driver yake ikulephera zina, pezani link ya channel (tsamba logawira ma driver) ya amene analemba driver yoyenera, lowani ndi akaunti ya Samsung, lembetsani hub yanu, ikani driveryo. Kenako bwererani ku Driver n'kusankha yatsopanoyo. Ikapanda kuoneka pamndandanda, ndiye kuti sikuchidziwa chida chanucho, musalimbane nayo.

Zovuta ndi zida zimene zikufunika kuchotsa n'kuikanso. Apa ine ndimayamba ndi mapulagi ndi maswichi a pakhoma, chifukwa zida za Zigbee (njira imodzi yolankhulirana ndi hub popanda waya) zolumikizidwa ku magetsi ndi zimene zimapatsira uthenga kwa zinzake. Masensa a batire sapatsira, choncho abwere pomaliza, ndipo muwalumikize ali pamalo pake, osati patebulo pafupi ndi hub. M'nyumba za njerwa ngati za ku Area 47, sensa ya ku boys' quarters simva hub popanda pulagi pakati. Lumikizani chida chimodzi, muyese, kenako china. Mababu ena amabwerera mmene analili pochoka ku fakitale mukazimitsa n'kuyatsa kangapo, koma kuchuluka kwake kumasiyana, onani pakapepala kake.

Zida za Z-Wave, njira ina yolankhulirana ndi hub popanda waya, zili ndi khalidwe lake. Muyenera kuchotsa kaye chidacho mu app kwinaku mukudina batani la pachidacho, apo ayi chimakana kulowanso. Onaninso kumene chinagulidwa: za ku America zimayendera 908.42 MHz, za ku Ulaya ndi South Africa cha ku 868 MHz, ndiye chimene achimwene anabwera nacho ku Texas sichingalankhule ndi hub ya ku Johannesburg, kaya driver ikhale yabwino bwanji.

Ntchito yonseyi igwireni hub ndi router zili pa inverter. Magetsi akathima chida chili pakati polumikizidwa, mumayambiranso. Mukamaliza konzani ma routine aja, kenako zulani chingwe cha intaneti, mutsegule chitseko muone ngati getsi likuyaka.