Momwe mungajambulire tyrannosaur kuyambira ali kamwana mpaka atakula

Ambiri akafuna kujambula mwana wa Tyrannosaurus rex (T. rex) amangotenga chithunzi cha wamkulu n'kuchichepetsa. Pamenepo ndiye amaphonya, chifukwa nyama za mtundu umenewu, madayinoso odya nyama otchedwa tyrannosaur, zinkasintha maonekedwe zikamakula, makamaka miyendo ndi mutu.

Tengani pepala, pensulo ndi rula. Lembani mzere umodzi wapansi kuti nyama zonse zitatu, yongoswa kumene, yachisodzera ndi yaikulu, ziimirire pamenepo.

Yambani ndi kongoswa kumene. Kansagwada ka kamwana ka tyrannosaur komwe kanali kadakali m'dzira, kopezeka ku Montana ku America, n'kotalika pafupifupi masentimita 3 basi, ndipo akatswiri amayerekeza kuti kanyamako sikankapitirira mita imodzi kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Kapatseni maso aakulu obulungira, kathupi kowonda ndi miyendo yaitali.

Yachiwiri ndi yachisodzera, ndipo apa m'pofunika kudekha. Yezani ntchafu kaye, kenako fupa lochokera pabondo kutsika mmunsi mulitalikitse kuposa ntchafuyo. Mafupa a phazi nawonso akhale aatali ndi oonda ngati a nthiwatiwa. Miyendo yotere ndi ya liwiro. Mutu ukhale wosakhuthala, mlomo wosongoka, mano opyapyala odulira nyama. Ku Dinosaur Provincial Park ku Alberta ku Canada kunapezeka Gorgosaurus, wachibale wa T. rex, wazaka 5 mpaka 7 ali ndi miyendo ya timadayinoso tiwiri totchedwa Citipes m'mimba mwake, nkhani yomwe inafalitsidwa mu 2023. Tinyama tothamanga timeneto ndiye tinali ndiwo yake, choncho mujambuleni wopepuka, wokonzeka kudumpha.

Mukafika pa wamkulu, sinthani zonse. Ntchafu ikhale yonenepa ndipo italike mofanana kapena kuposa pang'ono fupa la mmunsi. Phazi lifupike, likhale lotakata. Chigaza chikhale chakuya kuchokera pamwamba kufika kunsi, khosi lalifupi lodzadza minofu, mano okhuthala otha kuphwanya fupa. Diso lichepe poyerekeza ndi mutu wonse. Ngati mukufuna muyeso weniweni, Tarbosaurus, wachibale wina wa T. rex wa ku Mongolia, ndi wothandiza: chigaza cha wazaka 2 kapena 3 chinali masentimita 29, pomwe cha wamkulu chimapitirira mita imodzi. Sue, T. rex wa ku Field Museum ku Chicago, ndi wotalika mamita opitirira 12. Manja ndi aafupi, zala ziwiri zokha. Ena amawonjezera chachitatu, musawatsatire.

Chenjezo limodzi: pa intaneti mupeza zithunzi za Jane, dayinoso yemwe mafupa ake ali ku Burpee Museum ku America, zolembedwa kuti ndi T. rex wamng'ono. Kafukufuku wa 2025 anati Jane ndi nyama ina, Nanotyrannus. Pofuna chitsanzo cha wachisodzera, Gorgosaurus ndiye wodalirika, poti mafupa ake a misinkhu yosiyanasiyana anapezeka ambiri.

Mukamaliza, ikani rula pa ntchafu ndi pa fupa la mmunsi la nyama iliyonse. Ngati mulingo wake ukufanana pa zonse zitatu, fufutani miyendo ya wachisodzerayo mujambulenso.