Yezani sipika musanakhometse bokosi

Chikololereni mbewu zinkhoswe ndi maukwati zachuluka, ndipo masipika akupsa Loweruka lililonse. Eni zoimbira akuloza chala magetsi, ena ampu, ena akuti katundu wa masiku ano ndi wachinyengo. Koma masipika ambiri amene ndawaona chaka chino awonongeka chifukwa cha bokosi.

Chizolowezi chathu nchakuti munthu akamva bokosi la mnzake likugunda bwino, amatenga tepi, nkuyeza, ulendo kwa kalipentala. Bowo lotulukira mpweya amaboola potengera paipi imene yapezeka. Sipika yoikamo ndi ina, yangofanana kukula, mainchesi 15, basi. Zimenezi zinayenera kutha kalekale! Neville Thiele wa ku Australia anaonetsa mu 1961 kuti bokosi limawerengedwa kuchokera pa khalidwe la sipika, Richard Small nkudzawonjezera m'zaka za m'ma 1970, koma ife tikuyezabe ndi maso.

Bokosi la bowo limakhala ndi mlingo wake wa bezi. Pa mlingo umenewo mpweya wa m'bowo ndiwo umagwira ntchito, pepala la sipika limangogwedera pang'ono. Nyimbo ikatsika kupitirira apo, bokosi limalitaya pepalalo, limayamba kukupiza mopanda choligwira, koilo (waya wokulungidwa amene amagwedeza pepalalo) nkumamenya pansi. Ndiye bowo likalakwika, bezi samveka, woimbitsa amakweza voliyumu, koilo imatentha, guluu nkusungunuka.

Mlimi wina wa ku Mchinji atagulitsa soya anagula masipika awiri kuti azichita hayala. Anandionetsa imodzi: pepala lang'ambika mozungulira pakhosi, waya wa koilo wada bii, fungo la kupsa lidakalipo. "Alangizi, pakatoni analemba mawati 2000," anatero. Inathima perekaniperekani ali mkati, eni chinkhoswe anaitanitsa ndalama zawo, ndipo a ukwati wa sabata yotsatira anakatenga zoimbira kwina. Mlimi uja atawaindanso koilo anaibwezera sipikayo m'bokosi lomwelo. Mawati a pakatoni sakuuzani chilichonse za bokosi, abale.

Chipangizo choyezera sipika nchotsika mtengo: rezisita ya ma ohm 100, ampu yaing'ono, foni yokhala ndi pulogalamu yotulutsa toni, ndi multimeter yowerenga mavoti ochepa a AC. Sipika yatsopano iyambe yaimbako maola angapo kuti ifewe. Ipachikeni pa chingwe, osaigoneka patebulo. Rezisita ikhale pa waya umodzi pakati pa ampu ndi sipika, mita igwire mbali ziwiri za sipika. Voliyumu pansi. Kwezani toni pang'onopang'ono kuchokera pa 20 Hz mpaka 100 Hz. Pomwe mita yawerenga kwambiri ndiye Fs, toni imene pepala la sipika limagwedera mosavuta palokha. Re ndi ma ohm amene mita imawerenga pa sipika yosalumikiza, sipika ya ma ohm 8 imaonetsa 5 kapena 6.

Amene muli ndi laputopu, pulogalamu yaulere ya REW imagwiritsa ntchito rezisita yomweyo nkukupatsani Qts, nambala yosonyeza mmene sipika imadzigwirira kuti isagwedere mopitirira pa Fs. Pofuna Vas, kufewa kwa sipika koyezedwa m'malita a mpweya, matani kanthu kodziwika kulemera kwake pa pepala la sipika, muyezenso. Qts ikakhala pansi pa 0.4 bokosi la bowo liyenera, ikakwera kulowera ku 0.7 khometsani lotseka. Malita a bokosi ndi kutalika kwa paipi werengerani pa WinISD, pulogalamu yowerengera mabokosi a masipika, kalipentala mumupatse manambalawo.