Chiopsezo cha HIV sichiyezedwa ndi maso

Pamisonkhano ya zaumoyo m'midzi tikafunsa kuti ndani ali pachiopsezo chotenga kachirombo ka HIV, mayankho sachedwa. Amayi oyendayenda, madalaivala a mathiraki ogona pachipata cha Mwanza, asodzi a kunyanja, anyamata a kabaza. Woyankhayo sadzitchula. Iye ali pabanja, amapemphera, thupi lili gwa.

Magulu amenewa alidi pachiopsezo chachikulu, sitikukana. Koma kafukufuku wa HIV m'dziko lonse wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa Amalawi azaka 15 kupita m'tsogolo, 8.9 peresenti ali ndi kachiromboka: amayi 10.5 peresenti, abambo 7.1 peresenti. Anapezanso kuti akuluakulu pafupifupi 20,000 ankatenga kachiromboka pachaka. Khamu lotere silingakwane m'mabala ndi m'madoko okha. Ambiri ali m'mabanja, m'mipingo ndi m'masukulu momwemu.

Ndiyambe ndi inu abambo, chifukwa ndinu amene mumatithawa kwambiri. Pali chizolowezi choyezetsa kudzera mwa mkazi. Mayi akapita kusikelo n'kupezeka alibe kachirombo, bambo amapumira m'mwamba kuti basi, nanenso ndilibe. Ayi ndithu. Alipo mabanja ambiri amene wina ali nako pamene mnzake alibe, ndipo amatha zaka ali choncho, akugona mphasa imodzi. Zotsatira za akazi anu ndi za iwowo. Choopsa china n'chakuti mayi akatenga kachiromboka ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, mwana amatengera mosavuta, popeza masabata oyambirira kachirombo kamakhala kochuluka kwambiri m'magazi. Bambo amene wakana kuyezetsa akuika pangozi anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo sangadziyankhulire.

Amayi apabanja ambiri chiopsezo chawo amachidziwa bwino. Amaona mmene bambo akubwerera usiku. Chowavuta n'kutchula kondomu m'nyumba, poopa kufunsidwa kuti anaiphunzira kuti. Amayi, ngati zili choncho, lankhulani ndi namwino panokha za PrEP, mankhwala amene munthu yemwe alibe kachirombo amamwa tsiku lililonse kuti asatenge.

Atsikana amayeza ndi maso. Mwamuna wonenepa, wagalimoto, waulemu, amaoneka wotetezeka kuposa mnyamata woonda wapasukulu. Chonsecho kachiromboka kamapezeka kwambiri mwa amuna achikulire kuposa anyamata, ndipo atsikana azaka zapakati pa 15 ndi 24 amatenga kwambiri kuposa anyamata amsinkhu wawo. Munthu atha kukhala ndi HIV zaka zambiri osadwala konse. Ngakhale amayi oyendayenda, amene amasamala kondomu ndi makasitomala, nthawi zambiri amaisiya akakhala ndi chibwenzi chokhazikika. Chikondi chikalowa kondomu imatuluka, ndipo palibe anayezetsa.

Liliponso gulu lina limene sitilikamba mokwanira, la anthu odziweruza okha. Ofufuza amene akhala akutsatira mabanja a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998 anapeza kuti ambiri ankadziyesa kuti ali nako pamene alibe, ndipo ankakhulupirira kuti kugona kamodzi kokha ndi munthu amene ali nako ndiye kuti watenga basi. Kamodzi n'kokwanira kutenga, inde, koma si nthawi zonse. Maganizo akuti "ine ndinapita kale" ndi oopsa zedi. Munthu amasiya kudziteteza, amaopa kuyezetsa, ndipo mapeto ake amatengadi chimene analibe. Amasiye ambiri amakhala ndi mantha amenewa zaka ndi zaka popanda kufunsa. Safunsa anadya phula.

Ndiye tiyeze bwanji? Iwalani gulu lanu, yang'anani miyezi 12 yapitayi. Kodi munagona popanda kondomu ndi munthu amene simunaone zotsatira zake? Mawu akuti "ndinayezetsa" si zotsatira. Kodi munali ndi abwenzi oposa mmodzi, kapena mukukayikira kuti mnzanu ali nawo? Munadwalapo matenda opatsirana pogonana, monga chindoko kapena chinzonono? Zilonda ndi kutupa kwa matendawa kumatsegulira njira kachiromboka. Mukavomera funso limodzi lokha, kayezetseni, ndipo ngati n'kotheka mupite awiri, mumve zotsatira limodzi. Kuchipatala cha boma n'kwaulere. Amanyazi angapemphe kachipangizo kodziyeza okha ndi madzi a m'nkhama, koma kakaonetsa mizere iwiri apite kuchipatala akatsimikize. Ngati munagonana mosadziteteza posachedwa, mudzauzidwa tsiku lobwereranso, chifukwa masabata oyamba chipangizo chimatha kuphonya.

Kondomu ikaphulika, kapena wina akagwiriridwa, musadikire kuti kuche kawiri. Mankhwala a PEP, oteteza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi zoterezi zikachitika, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 peresenti. Sumuteteza kotheratu, choncho kondomu isatayidwe.

Wopezeka nako ayambe ma ARV msanga. Boma linayamba kuwapereka mwaulere mu 2004. Womwa mwandondomeko, kachirombo n'kuchepa mpaka kusaoneka poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Kwa banja limene mmodzi yekha ndiye ali nako, funsani kuchipatala za PrEP ya winayo pamene mukudikira kuti mankhwala agwire ntchito.