Momwe Mungalumikizire Foda ya NFS pa Linux

NFS (Network File System), njira yogawana mafayilo yomwe kampani ya Sun Microsystems inapanga mu 1984, imachititsa kuti mafayilo osungidwa pa seva azioneka pa makompyuta ena ngati ali pa disiki yawo, ngakhale kuti kuwerenga ndi kulemba konse kumadutsa pa netiweki.

Pa seva ya Ubuntu, ikani nfs-kernel-server, kenako lembani mu /etc/exports foda yomwe mukugawa pamodzi ndi makompyuta ololedwa, mwachitsanzo /srv/deta 192.168.1.0/24(rw,sync). Mukatero, lembani sudo exportfs -ra ndipo muonetsetse kuti firewall ikulola port 2049.

Pa kompyuta yolandira, ikani nfs-common, pangani foda yopanda kanthu ya /mnt/deta, kenako mulembe sudo mount -t nfs 192.168.1.10:/srv/deta /mnt/deta (apa 192.168.1.10 ndi adiresi ya seva). Kuti kulumikizaku kuzichitika kokha kompyuta ikayatsidwa, onjezani mzere wake mu /etc/fstab.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi UID, nambala yomwe Linux imapereka kwa aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta. Popanda Kerberos (njira yotsimikizira kuti munthu ndi ndani pa netiweki), seva imazindikira munthu ndi nambala osati dzina, choncho ngati nambala yanu pa makompyuta awiriwo ikusiyana, mudzakanizidwa kusintha mafayilo anu omwe. Ena amathamangira kuika no_root_squash mu /etc/exports, koma kutero n'kupereka ulamuliro pa foda yonseyo kwa aliyense yemwe ali root (woyang'anira wamkulu) pa kompyuta yolandira. Ndi bwino kungofananitsa manambalawo.